Dzuwa, Mafupa ndi Chibadwa cha Munthu

Ku Bindura, kumpoto chakum'mawa kwa Harare, kuli mabanja ambiri amene makolo ao anachokera ku Malawi, ku Zambia ndi ku Tete kudzagwira ntchito m'migodi ya m'dera limenelo, monga wa Trojan, wa Freda Rebecca ndi wa Shamva. Aliyense amene analowapo pansi adziwa kuti mzati ukafumbwa m'kati, kunja umaoneka wabwinobwino kufikira tsiku limene udzathyoka. Mafupa a munthu wokalamba amateronso. Nthenda imeneyi madokotala amaitcha osteoporosis, ndiko kunena kufumbwa kwa mafupa. Nkhalamba ingoterereka pakhomo, fupa la m'chiuno n'kuthyoka. Ndipo pa okalamba asanu ovulala chotero, mmodzi kapena oposa amamwalira chaka chisanathe.

Nanga dzuwa likhudzana bwanji ndi fupa? Dzuwa likaomba khungu, thupi limapanga vitamini D. Vitaminiyo amapita ku chiwindi, kuchoka apo ku impso, ndipo m'malo awiriwa amasandulika mthenga wamphamvu. Uthenga wake ndi wakuti matumbo atenge kashiamu m'chakudya, pakuti kashiamu ndiye amalimbitsa fupa. Koma mthenga salankhula ndi mudzi wonse. Amafikira kwa nyakwawa. M'thupi namonso muli kanthu kolandira uthengawo, kamene akatswiri amakatcha VDR. Kapangidwe kake munthu amatengera kwa atate ndi amai ake, mwa timalangizo ta chibadwa totchedwa majini, ndipo timalangizoti timasiyana pang'ono munthu ndi mnzake.

M'chaka cha 1994, akatswiri a ku Garvan Institute, mu mzinda wa Sydney ku Australia, atapima mapasa, analengeza kuti kusiyana kwa jini la VDR ndiko kumalamulira mbali yaikulu ya kulimba kwa mafupa kotengera kumtundu. Mbiriyi inawanda msanga, ndipo ambiri anayesa kuti gwero la nthenda lapezeka. Koma kuona maso a nkhono n'kudekha. Mu 2006 kunatuluka zotsatira za kafukufuku wa GENOMOS, amene anapima anthu oposa 26,000 a ku Ulaya. Mitundu inai ya kusiyanako, imene anthu anaikhulupirira kwambiri, inapezeka kuti siikhudza kulimba kwa fupa kapena kuthyoka kwake. Mtundu umodzi wokha, wotchedwa Cdx2, unaonetsa ngati uchepetsa pang'ono kuthyoka kwa mafupa a msana. Ndipo mtundu umenewu umapezeka kwambiri mwa anthu a ku Africa koposa a ku Ulaya.

Tsono chimene chadziwika ndi ichi: chibadwa chili ndi mphamvu ndithu, pakuti mwana wa munthu amene anathyoka m'chiuno ali pangozi yoposa ya anzake. Koma mutu umodzi susenza denga. Majini mazanamazana amathandizana pomanga fupa, lililonse ndi kagawo kake kakang'ono, kotero kuti palibe jini limodzi limene lingaweruze mlandu wonse.

Munthu sangasankhe makolo ake, koma zina zili m'manja mwake. Khungu lakuda limafuna nthawi yotalikirapo padzuwa kuti lipange vitamini D wokwanira. Motero wogwira ntchito pansi usana wonse, kapena wogona usana chifukwa cha ntchito ya usiku, achita bwino kuothera dzuwa pa masiku ake opuma. Nkhalamba yosatha kuyenda isabindikiritsidwe m'nyumba, aitulutsire pakhonde. Usipa, matemba ndi kapenta, zodyedwa pamodzi ndi minga yake, zili ndi kashiamu wambiri. Mkaka nawonso uli naye. Fodya ndi mowa wopitirira muyeso zimafoola mafupa, pamene kuyenda ndi kulima kumawalimbitsa. Ndipo popeza m'mera mpoyamba, chakudya cha ana ndi achinyamata chisamalidwe, pakuti fupa limafika pa mphamvu yake yonse munthu akamayandikira zaka 30.

Amene ayenera kuchenjera koposa ndi amai osiya kusamba, pakuti pa nthawi imeneyo fupa limachepa mofulumira. Mankhwala enanso, monga tenofovir wa HIV, amachepetsako fupa. Koma womwa asawaleke yekha, pakuti ndiwo asunga moyo wake. Akambirane ndi dokotala.

Pali zizindikiro zitatu zosayenera kuzinyalanyaza: msinkhu kufupika, msana kupindika, ndi fupa kuthyoka pa kugwa kwapafupi. Wothyoka kamodzi chotero ali pafupi kuthyokanso, koma mankhwala oletsa kufumbwako alipo. Chifukwa chake banja limene gogo wake wagwa ndipo alephera kuimirira lisataye masiku ndi kuthowa kunyumba, likumati ndi ukalamba chabe. Limunyamule tsiku lomwelo kunka naye kuchipatala.