Alendo obwera ndi nyumba zawo: zomwe zikuchitika pa msewu wa North Coast 500

Kumpoto kwenikweni kwa dziko la Scotland kuli msewu wozungulira m'mphepete mwa nyanja yamchere umene amautcha North Coast 500. Umayambira mumzinda wa Inverness n'kudzatheranso momwemo, ndipo kutalika kwake ndi mamailosi 516, omwe ndi makilomita pafupifupi 830. Nyanja yathu ya Malawi, ngakhale ndi yaitali chotere, siifika makilomita 600.

Msewuwu sanachite kuumanga. M'chaka cha 2015 bungwe la North Highland Initiative linangotenga misewu yakale, n'kuipatsa dzina limodzi ndi kuyamba kuitsatsa kwa alendo, cholinga chili chakuti midzi yakutali nayonso izionako ndalama. Alendo anabweradi, ndipo ambiri amabwera pa galimoto zotchedwa campervan.

Campervan ndi galimoto yokula ngati minibasi kapena kuposerapo, koma m'malo mwa mipando yambiri, mkati mwake muli bedi, chophikira cha gasi, firiji, thanki ya madzi, ndipo zina zili ndi kachimbudzi. Pamene dzuwa lakulowera, pomwepo ndi pogona. Ambiri amachita kubwereka ku makampani, ndipo ulendo wonse umatenga masiku asanu mpaka sabata imodzi.

Zoona kumeneko n'zambiri. Kuli mudzi wa John o' Groats kunsonga ya kumpoto chakum'mawa, phanga lalikulu la Smoo pafupi ndi Durness, doko la asodzi la Ullapool, ndi magombe a mchenga woyera mbee. Popita ku Applecross pali chitunda cha Bealach na Bà, pomwe msewu umakhotakhota mpaka mamita 626 kuchokera pa nyanja. M'mwezi wa June dzuwa limalowa 10 koloko usiku itadutsa.

Koma bata limene alendo amalikonda lili ndi mbiri yowawa. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1800, eni minda m'dera la Sutherland anathamangitsa mabanja ambiri kuti pamalopo aziwetapo nkhosa. Ena anakakhala m'mphepete mwa nyanja, ena anawoloka kupita ku Canada. N'chifukwa chake lero midzi ndi ing'onoing'ono, yotalikirana, ndipo misewu yake inakonzedwera anthu ochepa.

Apa ndiye pagona nkhani. Mbali zambiri za msewuwu n'zopapatiza moti mumadutsa galimoto imodzi yokha. Pali timalo topatukira kuti inzake idutse, koma alendo ena amaima pomwepo n'kumajambula zithunzi. Namwino wopita kwa wodwala, mlimi wothamangira ziweto ndi basi ya ana a sukulu, onse amandanda pambuyo pa galimoto ya munthu amene alibe changu chilichonse. Pa chitunda cha Bealach na Bà pali chikwangwani chochenjeza galimoto zazikulu, komabe ena amakwera.

Vuto lina ndi uve. Kachimbudzi ka m'galimoto kamadzadza, ndipo kamayenera kukhuthulidwa pa malo okonzedwera zimenezo. Malo otere akachepa, kapena mlendo akamaumira ndalama, zonyansa zimathera m'tchire ndi m'mitsinje. Anthu a m'midzi akhala akudandaula za zimenezi, za zinyalala ndiponso za moto wosonkhedwa paliponse. Lamulo la m'chaka cha 2003 limapatsa anthu ku Scotland ufulu woyenda ndi kugona m'matenti pa malo ambiri, koma ufuluwo sukhudza galimoto. Alendo ena amaganiza kuti ukuwakhudza.

Nanga phindu? Lilipo ndithu. Mahotela, malo odyera, ogulitsa mafuta ndi eni malo ogonetsa galimoto apeza makasitomala amene kale kunalibe. Koma taganizani: munthu amene wanyamula bedi lake, wagula chakudya cha sabata yonse m'sitolo yaikulu ku Inverness, n'kugona m'mbali mwa msewu osalipira, wasiya chiyani m'mudzi? Ndalama yapita kwa wobwereketsa galimoto ndi kwa mwini sitolo ya mutauni, pomwe maenje a pamsewu ndi zinyalala zatsalira amudzi.

Khonsolo ya Highland inayesa kuchitapo kanthu. Mu 2024 inayambitsa chiphaso cha mapaundi 40 cha masiku asanu ndi awiri, cholola mlendo kugona pa malo ena oimikapo galimoto a khonsoloyo. Poti kugula kunali kodzifunira, ogula anali ochepa kwambiri. Chaka chomwecho, olemba mabuku a zokopa alendo a Fodor's anaika msewuwu pa mndandanda wa malo amene alendo ayenera kuganiza kawiri asanapiteko. Dzina linathamanga, zimbudzi ndi malo oimika galimoto zikubwera pambuyo.

Akuluakulu amati mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka. Zoonadi, koma mame sasiya zinyalala. Ifenso tili ndi msewu wa M5 wodutsa ku Salima, Nkhotakota, Chintheche mpaka ku Nkhata Bay, ndipo malole onyamula alendo ndi matenti awo akhala akuima ku Kande ndi ku Chitimba kwa zaka zambiri. Boma likamati zokopa alendo ndi imodzi mwa nsanamira za chuma chathu, tizifunsa kuti ndalama ya mlendoyo ikutsikira pati.

Makhonsolo a m'mbali mwa nyanja, mafumu ndi makomiti a chitukuko asadikire kuti galimotozi zichuluke. Pakhale malo odziwika ogonapo, okhala ndi madzi ndi zimbudzi, ndipo malipiro ake akhale okakamiza, gawo lina lizitsala m'mudzi. Pafupi pakhale msika woti mlendo agulepo chambo, mpunga ndi nthochi kwa eni dera. Madoko amene asodzi amakocheza mabwato ndi amayi amachapirako asatsekedwe ndi mipanda. Anzathu a ku Scotland anaitana alendo asanakonze pogona, ndipo zaka khumi zapita akukanganabe za amene alipire.