Mayi Casimiro ndi kafukufuku amene anafika mpaka m'lamulo la banja

Anthu ophunzira kwambiri ali ndi njira yawo yoyezerana kulemera. Sawerenga ng'ombe kapena mabelo a fodya ngati ife kuno ku Chifunde. Iwo amawerenga kuti zolemba za munthu zatchulidwa kangati m'mabuku a anzake. Masiku ano makina a pa intaneti monga Google Scholar ndiwo amasunga chiwerengerocho, ndipo amene amatchulidwa kawirikawiri ndiye amamvekanso kutali.

Pa nkhani za amayi a m'dziko lino, dzina limene limabwerabwera ndi la Mayi Isabel Casimiro a pa Yunivesite ya Eduardo Mondlane ku Maputo. Mu 1990 iwo anali m'gulu loyambitsa nthambi ya Mozambique ya WLSA, bungwe lofufuza za amayi ndi malamulo m'maiko a kummwera kwa Africa. Anathandizanso kukhazikitsa Fórum Mulher mu 1993, nakhala phungu wa Nyumba ya Malamulo kuyambira 1995 mpaka 1999. Buku lawo lotchuka linatuluka mu 2004, ndipo mutu wake ndi Paz na Terra, Guerra em Casa, kutanthauza kuti mtendere padziko, nkhondo m'nyumba. Mu 2018 anzawo ofufuza a mu Africa anawasankha ku Dakar kukhala pulezidenti wa bungwe lawo la CODESRIA.

Koma wowerenga afunsa kuti, nanga ife zimenezi zatipindulira chiyani? Taonani lamulo la banja. Lakale, limene tinatengera kwa Apwitikizi, linkati mwamuna ndiye mutu wa banja, ndipo mkazi sakanachita malonda momasuka popanda chilolezo cha mwamuna wake. Ofufuza a WLSA anayenda m'zigawo kufunsa amayi za chuma chamasiye, za chithandizo cha ana ndi za nkhanza za m'nyumba. Zimene anapezazo ndizo mabungwe a amayi anakatsutsira nazo lamulolo pamaso pa aphungu. Mu 2004 lamulo latsopano linati mwamuna ndi mkazi ndi ofanana m'banja, ndipo aliyense ali ndi ufulu wogwira ntchito imene wasankha. Mu 2009 kunabwera lamulo loletsa nkhanza za m'banja.

Chaka chomwecho cha 2004, mwana wa kuno ku Tete, Mayi Luísa Diogo obadwira ku Mágoè, anakhala mayi woyamba kukhala nduna yaikulu ya boma, mpando umene anaukhalira mpaka 2010. Mu 2010 Mayi Verónica Macamo anayamba kutsogolera Nyumba ya Malamulo.

Ine chimandidabwitsa ndi ichi. Kwathu kuno ana ndi a kwa mayi, mwamuna amakakhala chikamwini, ndipo anamkungwi amalemekezedwa pa chinamwali. Komabe pakafika posankha wapampando wa kalabu ya alimi kapena wa komiti ya sukulu, timangoti abambo atsogole, amayi asunge ndalama. Ena amati ndi mwambo. Mwambo uti, poti mbumba ndiyo mwini mudzi?

Vuto lina ndi la chinenero. Zambiri zimene Mayi Casimiro analemba zili m'Chipwitikizi, choncho ofufuza owerenga Chingerezi chokha sazitchula mokwanira. Ndiye kuno kumudzi, mayi wosankha fodya m'chigafa sanalionepo n'komwe bukulo, ngakhale lamulo la banja limamukhudza iyeyo. Ambiri amene akulidziwa analimva pa wailesi.