Kudinditsa tisheti imodzi osaboola m'thumba

Chaka cha chisankho, monga zinalili mu 2025, msika wa pa Mkanda m'boma la Mchinji umachita kufiira, kubiriwira ndi kuyera ndi matisheti a zipani. Wakabaza wavala, mayi wogulitsa tomato wavala, mlimi wopita kukakumba mtedza nayenso wavala. Poti ambiri amalandira ulere, anthu amangoti kudinda chithunzi pamalaya n'kosadula. Amadzadzidzimuka tsiku lomwe afuna imodzi yokha: ya mwana pa tsiku lake lobadwa, ya goloboyi wa timu ya pamudzi, kapena yolemba dzina la okala yawo. Mtengo wake ukatchulidwa, ena amangoyamba kukanda m'mutu.

Chimene chimadulitsa kwenikweni ndi ntchito yokonzekera. Matisheti ochuluka amadindidwa ndi sefa, nsalu ya timabowo ting'onoting'ono yokungidwa pa felemu. Mmisiri amapaka mankhwala pasefapo, n'kuikapo chithunzi, n'kuyanika pa kuwala. Akatsuka, pamatseguka malo okhawo oyenera kudutsa inki. Mtundu uliwonse umafuna sefa yakeyake, choncho chithunzi cha mitundu itatu ndi masefa atatu. Ntchito yonseyo ndi yomweyo, kaya matisheti ndi 500 kaya ndi imodzi. Kukonza sefa chifukwa cha tisheti imodzi kuli ngati kuliza chigayo chifukwa cha mbale imodzi ya chimanga: dizilo yense amulipira mwini mbaleyo.

Wofuna imodzi ayenera kuyang'ana njira zina, ndipo funso loyamba n'lakuti akufuna mawu okha kapena chithunzi.

Ngati ndi mawu okha, njira yakale ikugwirabe ntchito. Amisiri olemba zikwangwani za magolosale ndi mabala amadula zilembo pa pepala lolimba ndi lezala, n'kuyala pepalalo pa tisheti, n'kudinda penti ndi siponji. Mkati mwa tisheti amalowetsamo katoni kuti penti asadutsire kumsana. Apa chofunika kufunsa ndi mtundu wa penti. Wa nsalu amalowa mu ulusi ndipo akasitidwa amakhazikika, pomwe wopakira zitseko amauma gwa n'kuyamba kung'aluka.

Mayina ndi manambala a majezi a mpira nthawi zambiri amakhala a vinyl, kapulasitiki kopyapyala kodulidwa ndi makina olumikizidwa ku kompyuta. Mmisiri amatongola zosafunika ndi kachitsulo kosongoka, n'kuyala zilembo pansalu, n'kupana ndi makina otentha madigiri pafupifupi 150 kwa masekondi 10 mpaka 15. Imalimba, koma siyenerana ndi nkhope ya munthu.

Wofuna nkhope ya agogo kapena ya mwana ali ndi njira zitatu. Yotchipa kwambiri ndi pepala lapadera lomwe limalowa mu pulinta wamba ya inki, n'kumatidwa pansalu ndi simbi. Pepala la nsalu zoyera limafuna kuti chithunzi chitembenuzidwe ngati cha pagalasi chisanadindidwe. Woiwala zimenezi amapeza dzina la mwana likuwerengeka chobwerera. Nsalu zakuda zili ndi pepala lakelake. Simbi yamakala imatheka, koma kutentha kwake sikufanana ponseponse, ndiye m'makona mumayamba kumatuka. Njirayi ndi ya tisheti yovala pa mwambo umodzi, chifukwa ikachapidwa kangapo chithunzi chimafwifwa.

Yachiwiri ndi sublimation. Inki yake ikatenthedwa madigiri pafupifupi 200 imasanduka mpweya n'kulowa mu ulusi, moti ukasisita suimva n'komwe, ndipo simatuka. Vuto lake ndi lakuti imagwira pa poliyesita yoyera kapena yowala basi. Pa tisheti ya thonje imasuluka, pa yakuda sioneka. Amene watola tisheti yabwino pa kaunjika awerenge kaye kansalu ka m'khosi kapena ka m'mbali, adziwe ulusi wake asanalipire.

Yachitatu, yomwe yafala m'zaka zaposachedwa, ndi DTF. Chithunzi chimadindidwa pa filimu, kumbuyo kwake n'kuthirako inki yoyera ndi ufa wa guluu womwe umasungunulidwa ndi kutentha. Filimuyo imamata pa thonje, pa poliyesita, pansalu yakuda ndi yoyera yomwe. Kwa munthu wa ku Mkanda ubwino wake waukulu ndi wakuti iye safunika kuyenda. Lilongwe ili pa mtunda wa makilomita opitirira 100 kuchokera pa Mchinji boma, ndipo ndalama yokwerera popita ndi pobwera ingapose mtengo wa tisheti. Mzinda wa Chipata uli pafupi, kudzera pa chipata cha Mwami, koma kumeneko n'kulipira ndi kwacha ya Zambia. Ndi DTF, chithunzi chingatumizidwe pa WhatsApp, ndalama pa Airtel Money kapena TNM Mpamba, filimu n'kubwera mu envulopu pa minibasi. Anthu angapo atagwirizana kuika zithunzi zawo pa filimu imodzi, aliyense amalipira zochepa.

Pali kamsampha kamodzi. WhatsApp imachepetsa ukulu wa chithunzi potumiza, ndipo chomwe chikuoneka bwino pafoni chimatuluka mbuu chikakulitsidwa pachifuwa. Ndi bwino kuchitumiza ngati document, komanso kuwerenga kawiri dzina lililonse, chifukwa chikamatidwa palibenso kufufuta.

Mitengo ya zonsezi imatsatira dola. Inki, filimu, vinyl ndi makina omwe zimachokera kunja, ndipo kwacha itagwetsedwa mphamvu ndi 25 peresenti mu May 2022, kenako ndi 44 peresenti mu November 2023, amisiri analibe kuchitira mwina koma kukweza. Kuzimazima kwa magetsi nako kumawonjezera, pakuti makina opanira amadya magetsi ambiri ndipo kajenereta kakang'ono sikawakwanitsa.

Tisheti ikafika pakhomo, moyo wake uli m'manja mwa wochapa. Aitembenuze kunja kukhale mkati, achape ndi madzi ozizira, asaimenye pamwala, ayanike pamthunzi, ndipo simbi isakhudze chithunzi.

Kwa wachinyamata wofuna bizinesi pamsika ngati wa Mkanda, mpamba wake sufunikanso kufika pa pulinta yodula ya DTF. Makina opanira okha, foni yabwino ndi mnzake wodalirika wodinda filimu mu mzinda n'zokwanira kuyamba nazo. Nyengo yogulitsa fodya, soya ndi mtedza ikafika, maukwati, zinkhoswe, miyambo yovundukula ziliza ndi mabonanza a mpira zimachuluka, ndipo pa mwambo uliwonse pamakhala wina wofuna tisheti yakeyake.