Dzimbiri la pansi pa galimoto lisakuphonyetseni COF

Mwa Khwethemule ku Thyolo, komwe midzi idapanikizana ndi minda ya tiyi, pikapu kapena Probox ndi munda wina wa banja. Ndi yomwe imatulutsa nthochi, mapeyala ndi nandolo kupita ku Luchenza, Bvumbwe ndi Limbe. Ikaima sabata imodzi, katundu amaolera pakhomo kapena phindu lonse limathera ku hayala.

Chimodzi mwa zinthu zomwe zingaimitse galimoto nthawi yokonzanso COF ndi dzimbiri. Chikalatachi chimaperekedwa ndi nthambi ya boma yoona za pamsewu ya DRTSS, ndipo oyesa galimoto amasuzumira pansi pomwe mwini wake sayang'anako. Akapeza kuti chitsulo chonyamula injini ndi kugwira miyendo ya kutsogolo, chomwe amakaniko amati crossmember, chadyeka kapena chang'aluka, galimoto imabwezedwa. Kuyenda nayo popanda COF ndi kuputa chindapusa pa rodibuloko.

Thyolo ndi dera la mvula yambiri ndi chiperoni. Matope ofiira a m'misewu ya m'maesiteti amamatirira m'makona a chitsulo n'kusunga chinyezi miyezi yathunthu. Feteleza wotayikira m'galimoto ndi madzi a nsomba za mchere zimafulumizitsa kudyekako. Galimoto zina zogula ku Japan zimafika zitayamba kale dzimbiri, chifukwa m'madera ozizira a kumeneko amathira mchere m'misewu kuti chisanu chisungunuke.

Nkhanga zidapangana kusanapse. Wamalonda wochenjera amayamba kuyang'ana kutatsala mwezi kuti COF ithe. Amatsukitsa pansi ponse, galimoto n'kuikwezera pa dzenje kapena pa zitsulo zochirikiza, osadalira jeke yokha. Kenako amagogoda ndi hamala yaing'ono. Chitsulo chabwino chimalira ngwee. Chodyeka chimamveka phuu, n'kumayoyoka ngati makwa a mtengo. Pomwe sikuludiraiva yaboola, mphamvu padalibe kale.

Dzimbiri likakhala la pamwamba chabe, ntchito ndi yotsika mtengo: kupala ndi bulashi ya waya mpaka chitsulo chiwale, kupaka red oxide, n'kumalizira penti yakuda ya pansi pa galimoto. Pakakhala bowo laling'ono kutali ndi mabauti, wowotcherera adule podyeka ponse ndi kuikapo chitsulo chatsopano chokhuthala mofanana. Chigamba chongosanjika pamwamba pa dzimbiri chimabisa matenda, mkati mukudyekabe. Asanayatse moto achotse batire ndipo ateteze mapaipi a mafuta ndi a mabuleki.

Koma dzimbiri likafika pomwe pamangidwa mwendo wa tayala kapena chiwongolero, ndi bwino kusintha chitsulo chonsecho. Pa galimoto zambiri zing'onozing'ono chimamasuka ndi mabauti, ndipo chakale koma cholimba chimapezeka kwa ogulitsa zitsulo za galimoto zophwasula ku Limbe ndi ku Ndirande. Wogula atenge nambala ya chasisi, afunse mitengo kwa anthu atatu, achigogode asanalipire, ndipo agwirizane zobweza ngati sichikwana. Akachimanga, matayala awongoledwe pa makina, apo ayi adzadyeka mbali imodzi.

Njira yachidule yomata fila n'kupaka phula ndiyo yodula kuposa zonse. Woyesa akagogoda imaululika, ndipo ulendo wa ku Blantyre umakhala wobwereza. Ikapanda kuululika, idzathyokera pa mtsetse galimoto itadzaza matumba ndi anthu. Ena amathira oyilo wakale pansi. Ameneyu amawononga mabushi a labala, komanso woyesa angaganize kuti injini ikudontha.

Pambuyo pa COF, kutsuka matope a pansi kawirikawiri nyengo ya mvula ndi kuyala lona musanakweze feteleza kumatalikitsa moyo wa chitsulo. Ndalama ya COF ndi zokonzetsa isungidwe pang'onopang'ono tsiku lililonse la msika, kaya ku banki nkhonde, kuti tsikulo likafika mpamba usakhudzidwe.