Lipoti lili pa intaneti, koma asindikize ndani?

Mu Ogasiti 1980, boma la Margaret Thatcher ku Britain linatulutsa lipoti limene silinkafuna kuti anthu aliwerenge. Komiti yolemba lipotilo, imene ankaitsogolera Sir Douglas Black, inapeza kuti anthu osauka amadwala kwambiri ndiponso amafa msanga kuyerekeza ndi olemera, ngakhale kuti zipatala za boma za NHS zinali zikuthandiza aliyense kwaulere kuyambira mu 1948. Unduna wa zaumoyo unasindikiza makope 260 okha, n'kuwatulutsa anthu ali pa tchuthi. Laibulale ya pachipatala imene inapeza kope limodzi inali ndi mwayi. Anthu wamba analiwerenga bwino mu 1982, kampani ya Penguin italisindikiza ngati buku.

Masiku ano boma silingabise lipoti m'njira imeneyo. Likangotuluka, aliyense amene ali ndi foni akhoza kulitsegula tsiku lomwelo. Koma oyang'anira malaibulale a m'zipatala ali ndi mutu wina wowawa: namwino amene akukonzekera mayeso, kapena mkulu wa wodi amene akufuna kulemba mizere kunsi kwa mawu, amabwera kudzafunsa buku logwirika m'manja, ndipo pashelefu palibe.

Kale zinali zosavuta. Boma linali ndi nthambi yakeyake yosindikiza, HMSO, imene inayamba mu 1786, ndipo unduna wa zaumoyo unkatumiza zikalata zake zambiri m'zipatala. Mu 1996 mbali yaikulu ya nthambiyi inagulitsidwa n'kukhala kampani yotchedwa The Stationery Office. Mu Okutobala 2012 webusaiti ya GOV.UK inatsegulidwa, kenako maunduna onse anasamukira kumeneko, ndipo mfundo inakhala yakuti zinthu zizituluka pa intaneti choyamba. Zikalata zoperekedwa ku Nyumba ya Malamulo zimagulidwabe zosindikiza, koma malangizo ambiri a unduna amangokhala fayilo ya PDF, ena ngakhale fayiloyo alibe.

Boma limati lapulumutsa ndalama, ndipo silikunama. Chimene silinena n'chakuti mtengo wa pepala ndi inki sunathe ayi, unangosamukira ku thumba la laibulale. Chilolezo chotchedwa Open Government Licence, chimene chinayamba mu 2010, chimalola aliyense kukopera ndi kusindikiza zikalata zambiri za boma popanda kupempha. Chilolezocho ndi chaulere, koma makina osindikizira sayendera chilolezo.

Tangoganizani kukula kwa katunduyo. Lipoti la Robert Francis la mu Febuluwale 2013, lofotokoza mmene odwala ankanyalanyazidwira pachipatala cha Stafford, linali mabuku atatu, masamba opitirira 1,700 ndi mfundo 290 zoyenera kukonza. Lipoti la Sir Brian Langstaff la pa 20 Meyi 2024, lokhudza magazi okhala ndi tizilombo amene anapatsira anthu oposa 30,000 matenda a HIV ndi a chiwindi, linali mabuku 7, masamba opitirira 2,500. Palibe amene amawerenga zimenezi pafoni, ali m'basi, n'kumvetsa. Woyang'anira laibulale ayenera kusankha: agule makope omata bwino ngati akugulitsidwa, asindikize yekha n'kumanga ndi waya wapulasitiki umene umathothoka pakangopita miyezi, kapena asindikize chidule chokha n'kuuza wofunayo kuti zotsalazo akaziwerenge pakompyuta. Ena amatsata njira yomalizayi, kapena kubwerekana ndi malaibulale a zipatala zoyandikana.

Pali chifukwa china chimene oyang'anira malaibulale amaumirira pepala, ndipo ichi ndiye chachikulu. Chikalata cha pa intaneti chimasintha mwakachetechete. Malangizo a chithandizo amene analipo chaka chatha akhoza kulembedwanso lero pa adiresi yomweyo, ndipo dokotala amene akufunsidwa kukhoti chifukwa chimene anachitira zakutizakuti amafuna mawu amene analipo pa nthawiyo. Komanso mabungwe a boma amafa msanga. Health Protection Agency inathetsedwa mu 2013, ntchito yake n'kupita ku Public Health England, imene nayonso inathetsedwa mu 2021. Bungwe likafa, maadiresi a zikalata zake nthawi zambiri amafera limodzi. Ofesi ya National Archives imasunga zithunzi za mawebusaiti akale a boma, ndipo imathandizadi, koma kufufuzamo kumafuna munthu wodziwa kale chimene akufuna.

Lamulo linayesa kutseka mpata umenewu. Kuyambira mu Epulo 2013, malaibulale 6 akuluakulu, kuphatikizapo British Library ku London ndi Bodleian ku Oxford, anapatsidwa mphamvu yosonkhanitsa ndi kusunga zofalitsidwa pa intaneti monga amachitira ndi mabuku. Koma zosungidwazo zimawerengedwa m'nyumba za malaibulalewo basi, zomwe sizithandiza namwino wa mumzinda wakutali ngati Carlisle amene ali pa ntchito ya usiku.

Ndiye mu Okutobala 2023 akuba a pa intaneti anathyola makompyuta a British Library. Popeza makina osungira zinthuzo ankayendetsedwa kumeneko, owerenga m'malaibulale onse 6 anakhala miyezi yambiri osatha kuzitsegula.