Mukapeza Mbalame Yotopa pa Gombe

Chaka ndi chaka, chisanu chikayandikira ku maiko a kumpoto kwa Ulaya monga Sweden ndi Finland, mbalame za kunyanja zotchedwa tern zimanyamuka ulendo wa makilomita opitirira 10,000, kutsata gombe la kumadzulo kwa Africa mpaka ku South Africa. Zina zimafika zitatheratu. Mafuta am'thupi akatha panjira, thupi limayamba kudya mnofu wa pachifuwa umene umakupiza mapiko, ndipo mbalame imangogwa pamchenga. Abale athu amene akugwira ntchito ku Cape Town amatha kuzipeza zotere m'mbali mwa nyanja.

Kodi munthu wachifundo achite chiyani? Ambiri amathamangira kuiponyanso m'madzi, kapena kuikanula kukamwa ndi kuithira madzi. Zonsezi zikhoza kuipha. Yofooka imamira kapena kufa ndi chisanu, ndipo madzi othira mokakamiza amaloŵa m'mapapo. Buledi naye si chakudya chake. Chimene ikusoŵa ndi mpumulo. Valani magolovesi kapena majumbo kumanja, iphimbeni ndi thaulo mapiko atapindika, ndi kuiika m'katoni yoboola timabowo ta mpweya. Nkhope yanu italikire mlomo wake, pakuti ndi wakuthwa. Katoniyo ikhale pamthunzi, kopanda phokoso, kutali ndi ana ndi agalu. Kenaka dziŵitsani a bungwe la SANCCOB, limene lakhala likusamala mbalame za kunyanja ku Cape Town chiyambire 1968.

Koma musanatambasule dzanja, yambani mwaima patali ndi kuiyang'anitsitsa, chifukwa si mbalame iliyonse yogona pansi imene yangotopa. M'chaka cha 2021 chimfine cha mbalame cha H5N1 chinapha mphipi za mtundu wa Cape cormorant zoposa 20,000 pagombe lomwelo, makamaka pachilumba cha Dyer. Mbalame yonjenjemera mutu, yopotoka khosi, yoyenda mozungulirazungulira kapena ya maso otuŵa musaikhudze konse. Ingonenani pamene ili. Chimodzimodzinso mukapeza zambiri zitafera pamodzi.

Matendaŵa sagwira anthu kaŵirikaŵiri, koma akagwira amatha kupha. Nkhuku ndiye amazipulula khola lonse, ndipo kachilomboka kamayenda pa nsapato ndi zovala. Nchifukwa chake mbalame yotola isafike kukhola ngakhale ikuwoneka bwino, ndipo yakufa yokha si ndiwo, ngakhale kunyumba kuteleke madzi okha. Mukatha kuinyamula sambani m'manja ndi sopo, chapani thaulo ndi nsapato, ndipo mukamva malungo, chifuwa kapena maso akafiira m'masiku 10 otsatira, pitani kuchipatala mukanene kuti munagwira mbalame yodwala.