Kugaŵa Zamoyo M'magulu: Phunziro la Ana a M'mphepete mwa Nyanja

Mphunzitsi akafunsa ana a Sitandade 2 ku Senga Bay kapena ku Lifuwu kuti atchule nyama zimene amazidziŵa, adzamva mbuzi, ng'ombe, kalulu ndi mvuu. Chambo sichidzatchulidwa, ngakhale kuti ambiri mwa anawo adadyera nsima dzulo lomwe. Akaŵafunsa chifukwa chake, adzayankha mosakayika kuti chambo si nyama, ndi nsomba. Pamenepa ndi pamene pagona vuto lenileni la phunziroli.

Anawo sanalakwe. M'Chicheŵa mau akuti nyama kaŵirikaŵiri amanena cholengedwa cha miyendo inayi chimene chimadyedwa. Fisi, njoka ndi chinkhanira timazitcha zirombo, pamene mbalame ndi nsomba zili ndi magulu aoao. Kagaŵidwe ka makolo kameneka kali ndi nzeru yake, pakuti kamauza munthu chimene angadye ndi chimene ayenera kuchithaŵa. Sayansi nayo imagaŵa, koma potsata kapangidwe ka thupi. Mphunzitsi wothamangira kunena kuti "Walakwa" amangophunzitsa mwana kuloŵeza za m'kalasi, kwinaku mumtima akusungabe za kwao. Nkwabwino kuyamba ndi mau akuti zamoyo, ndi kuŵauza anawo poyera kuti njira zogaŵira ndi zingapo.

Musayambe ndi maina a magulu pa bolodi. Ana abwere ndi nthenga, mamba a nsomba, chigoba cha nkhanu ndi ziwala zakufa. Zimene sangazipeze muzijambule pa timakatoni. Tulukani nao panja, lembani mizere yozungulira pamchenga, ndipo muŵasiye asanje okha. Funso lanu likhale limodzi: "Mwaika izi pamodzi chifukwa chiyani?" Ena adzati zam'madzi ndi zapamtunda, ena zandiwo ndi zosadyedwa. Zonsezi muzilandire, malinga lamulo likhale limodzi kuyambira poyamba mpaka pomaliza. Pambuyo pake mupereke lamulo lanu: kuŵerenga miyendo. Chiwala ndi ngumbi zili ndi 6, kangaude 8, nkhanu 10 poŵerengera ndi zopanira zake. Tsiku lina mugaŵe poyang'ana chofunda thupi, kaya ubweya, nthenga kapena mamba.

Phindu lalikulu lili pa zamoyo zokana kuloŵa m'gulu, ndipo nyanja yathu ili nazo zambiri. Mukangonena kuti nsomba zonse zili ndi mamba, mwana wa msodzi adzakukumbutsani za kampango ndi mlamba. Musachite naye manyazi kapena kumkalipira. Wakupatsani phunziro la maŵa. Mfunseni chimene chikuchititsa kuti kampango akhalebe nsomba, ndipo kalasi idzafika yokha pa zipsepse ndi kupumira m'madzi. Mvuu ndi katumbu zimakhala m'madzi koma zimayamwitsa ana ao ngati mbuzi. Ng'ona imaikira mazira pamtunda ngati nkhuku, koma ilibe nthenga. Mleme umauluka, komabe uli ndi ubweya ndipo umayamwitsa. Chambo chachikazi chimasunga mazira ndi tiana take m'kamwa, chinthu chimene ana a ku Salima amachidziŵa kuposa aphunzitsi ambiri ochokera kumtunda.

Kusokonezeka kotere si kwa ana okha. Carl Linnaeus wa ku Sweden, amene adakonza kagaŵidwe ka zamoyo kamene sayansi idamangirapo, adaika namgumi m'gulu la nsomba m'buku lake la Systema Naturae la 1735, ndipo adamsamutsira ku zoyamwitsa mu 1758.

Chinanso chofunika kuleza nacho mtima ndi msinkhu. Jean Piaget adaonetsa kuti mwana wosafika zaka 7 kapena 8 amavutika kuona kuti gulu laling'ono lili m'kati mwa lalikulu. Yesani nokha pa nthaŵi ya maphunziro oyeserera. Ikani zithunzi 6 za chambo ndi 2 za usipa, ndi kufunsa kuti, "Zambiri ndi ziti, chambo kapena nsomba?" Ambiri adzati chambo. Kubwereza yankho loona kakhumi sikuthandiza; mwana asanjenso ndi manja ake, mzere waung'ono m'kati mwa waukulu, kufikira ataona yekha. Nchifukwa chake kugaŵa nsomba za m'Nyanja ya Malaŵi, zimene mitundu yake ipitirira 500, monga mbuna, utaka ndi ncheni, kudikire makalasi apamwamba.

Pomaliza, samalani potuma ana. Musaŵatume kukatola nkhono m'madzi osaya, m'mabango kapena m'minda ya mpunga, pakuti m'menemo ndimo mumakhala nkhono zofalitsa likodzo, ndipo m'matsiriro a mitsinje monga Linthipe muli ng'ona. Zigoba zouma za pagombe mukatole inu nomwe, mamba mukapemphe kwa asodzi pamene akupala nsomba, ndipo phunziro likatha ana onse asambe m'manja.